Boroni, Mapulotoni ndi Khansa: Zimene Banja Lina ku Naperi Linafuna Kudziwa

Mawu Oyamba

Chakumapeto kwa chaka cha 2025, abale tinasonkhana pakhonde la nyumba ya agogo ku Naperi. Mayi anga aang'ono anali atangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo kuti opaleshoni siingathandizenso chifukwa chotupacho chinali chitakula. Madokotala anati chithandizo choyenera ndi chimene anthu ambiri amachitchula kuti "kuwotcha", pamodzi ndi mankhwala a m'dilipi. Mawu oti kuwotchawo anawaopsa kwambiri mayiwo. Apa m'pamene malume, amene anakhalitsa ku Johannesburg, anabwera ndi maganizo ena. Iwo anati anamva kuti kumayiko olemera anasiya kuwotcha odwala, ndipo masiku ano amawapatsa mankhwala a boroni kenako n'kuwawomba ndi mapulotoni, moti khansa imafa thupi osakhudzidwa. Anapitiriza kunena kuti ngati n'kotheka tigulitse puloti ya ku Machinjiri kuti mlongo wawo apite kunja.

Kwa kanthawi panalibe woyankha. Kenako onse anayang'ana ine poti ndine ndili ku yunivesite, ngakhale kuti maphunziro anga ndi a zilankhulo ndi zolembalemba, osati a sayansi. Agogo anati, "Iwe umawerenga Chizungu, tafufuza utiuze ngati malume akowa akunena zoona." Ndinapempha sabata imodzi. M'sabatayo ndinawerenga zimene akatswiri analemba, ndiponso ndinafunsa anzanga amene akuphunzira za udokotala. Nkhani ino ikufotokoza zimene ndinapeza. Tiona mmene cheza chimaphera khansa, kusiyana kwa mapulotoni ndi cheza chozolowereka, ntchito imene boroni akuyembekezeka kugwira, mtsutso umene ulipo pakati pa asayansi, komanso tanthauzo la zonsezi kwa wodwala wa ku Naperi.

Kukula kwa Vuto la Khansa M'Malawi

Nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa inayerekeza kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 18,000 m'Malawi anapezeka ndi khansa, ndipo oposa 12,000 anamwalira nayo. Mwa odwala atsopanowo, amayi oposa 4,000 anali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira ndi khansa imeneyi m'chaka chomwecho. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ochuluka zedi poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Mitundu ina yofala kwathu kuno ndi khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi, khansa ya kummero, ya m'mawere ndi ya prostate.

Njira zikuluzikulu zochizira khansa zilipo zitatu: kuchotsa chotupa pa opaleshoni, kupereka mankhwala opha maselo a khansa, ndi kuwomba chotupa ndi cheza champhamvu. Akatswiri amati pafupifupi theka la odwala khansa onse amafunika njira yachitatuyi pa nthawi ina m'kudwala kwawo. Komabe kwa zaka zambiri m'dziko muno munalibe makina ake. Odwala ankatumizidwa ku India, ku Tanzania, ku Kenya, ku South Africa kapena ku Cancer Diseases Hospital ya ku Lusaka, ndipo mndandanda wa odikira unali wautali. Ambiri ankatsirizika dzina lawo lisanafike. N'chifukwa chake tikamva za njira yatsopano ya kunja mitima yathu imathamanga, pakuti tinazolowera kuti machiritso a khansa amakhala kutsidya kwa nyanja.

Kodi "Kuwotcha" N'kutani?

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli DNA, imene ili ngati buku la malangizo ouza selo nthawi yogawikana ndi nthawi yosiya. DNA imaoneka ngati chingwe cha nkhosi ziwiri zopotana. Khansa imayamba pamene malangizo aja asokonekera, maselo n'kumangogawikana osalekeza mpaka kupanga chotupa.

Cheza cha ekisire chinatulukiridwa ndi Wilhelm Röntgen ku Germany m'chaka cha 1895, ndipo pasanathe zaka zambiri madokotala anayamba kuchiyesa pa zotupa. Cheza chimene chimagwiritsidwa ntchito pa khansa ndi cha mtundu womwewo wa ekisire yojambulira mafupa, kungoti mphamvu yake ndi yaikulu kwambiri. Chikalowa m'thupi chimadula nkhosi za DNA. Selo limatha kulumikiza nkhosi imodzi ikaduka, chifukwa inzake imakhala ngati chitsanzo chotsatira. Koma nkhosi zonse ziwiri zikaduka pamalo amodzi, kukonza kumavuta, ndipo selolo limafa likamayesa kugawikana. Maselo abwino amakonza zowonongeka mwachangu kuposa maselo ambiri a khansa. Ichi ndi chifukwa chake chithandizochi chimaperekedwa pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo: maselo abwino amapeza mpata wochira pakati pa tsiku lina ndi linzake, pamene a khansa amankabe nafowoka.

Vuto la cheza cha ekisire ndi kayendedwe kake. Tiyerekeze mtsikana amene watunga madzi pa mpopi wa ku Kamba m'ndowa yobooka. Madzi ambiri atayikira pafupi ndi mpopi, ena atayikira m'njira, ena afika pakhomo, ndipo akapitirira pakhomopo madzi adonthabe mpaka kuseri kwa nyumba. Cheza cha ekisire chimateronso. Chimasiya mphamvu yochuluka chitangolowa m'thupi, chimafika pa chotupa chitachepa mphamvu, kenako chimapyola n'kutulukira mbali inayo. Motero ziwalo zimene zili kutsogolo ndi kumbuyo kwa chotupa zimalandirako cheza. Pofuna kuchepetsa vutoli, makina amakono amazungulira wodwala n'kumawomba kuchokera mbali zosiyanasiyana, kuti cheza chonse chikumane pa chotupa pamene ziwalo zina zikulandira pang'ono chabe.

Kusiyana kwa Mapulotoni

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pali phata lake, ndipo m'phatamo muli tinthu tiwiri: mapulotoni ndi manyutuloni. Atomu yopepuka kuposa onse, ya haidirojeni, phata lake ndi pulotoni imodzi yokha. Asayansi amatenga mapulotoni amenewa n'kuwathamangitsa m'makina aakulu ozungulira mpaka liwiro lawo liposa theka la liwiro la kuwala, kenako amawalunjikitsa pa chotupa.

Kayendedwe ka pulotoni n'kosiyana ndi ka ekisire. Iyo ili ngati wilibala ya mchenga: m'njira mumatayika mchenga wochepa, koma ikafika pamalo omangira imakhuthula wonse n'kuima pomwepo. Pulotoni ikamathamanga kwambiri imasiya mphamvu yochepa m'thupi. Ikamachepa liwiro imasiya yochulukirapo, ndipo pamene ikuima imakhuthula yotsala yonse. Malo okhuthulirawo amatchedwa nsonga ya Bragg, potengera dzina la William Henry Bragg amene anaona khalidwe limeneli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kuseri kwa nsongayo sikufika cheza choti n'kuchiwerengera. Dokotala angathe kusankha kuya kwa nsongayo posintha mphamvu ya mapulotoni: amphamvu kwambiri amafika pafupifupi masentimita 30 m'kati mwa thupi, pamene ochepa mphamvu amaima pa masentimita atatu kapena anayi, monga pochiza khansa ya m'diso.

Woyamba kulemba kuti mapulotoni angachize khansa anali Robert Wilson wa ku America m'chaka cha 1946. Odwala oyamba analandira chithandizochi ku Berkeley m'chaka cha 1954, ndipo chimodzi mwa zipatala zoyamba kukhala ndi makina awoawo chinali cha Loma Linda ku California m'chaka cha 1990. Kuno ku Africa, malo ofufuzira za sayansi amene tsopano amatchedwa iThemba LABS, pafupi ndi Cape Town, anayamba kuchiza odwala ndi mapulotoni m'chaka cha 1993, koma ntchitoyi inadzaima patapita zaka. Ku India, chipatala cha Apollo ku Chennai chinatsegula malo otere m'chaka cha 2019.

Mapulotoni amathandiza kwambiri pamene chotupa chili pafupi ndi chiwalo chosafuna kukhudzidwa, monga ubongo, diso kapena fupa la msana, ndiponso kwa ana amene matupi awo akukulabe. Koma pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa. Choyamba, makina ake ndi odula zedi. Amafuna nyumba yawoyawo ya zipupa zochindikala, magetsi osazimazima ndi akatswiri ambiri, ndipo mtengo wake umafika madola mamiliyoni makumimakumi. Chachiwiri, pulotoni siiposa ekisire kwenikweni pa mphamvu yopha selo. Madokotala amawerengera kuti imaposa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi basi. Ubwino wake wagona pa kulunjika. Choncho khansa youma mutu, imene siimva ekisire, kawirikawiri siimvanso mapulotoni. Funso limene asayansi anadzifunsa ndi lakuti: kodi tingatani kuti pulotoni ikhale yolunjika komanso yaukali pa nthawi imodzi? Apa m'pamene boroni analowera.

Boroni Alowa Bwanji M'nkhaniyi?

Boroni ndi chimodzi mwa zinthu zachilengedwe zopezeka m'nthaka. Amakumbidwa kwambiri ku Turkey ndi ku America, ndipo amagwiritsidwa ntchito popanga magalasi osasweka ndi moto, sopo wina wochapira ndi feteleza wina. Maatomu a boroni alipo a mitundu iwiri. Pa maatomu 100 alionse, pafupifupi 80 ndi a boroni 11 ndipo 20 ndi a boroni 10. Manambalawa akusonyeza kuchuluka kwa mapulotoni ndi manyutuloni m'phata mwake.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, pamene Mark Oliphant ndi Ernest Rutherford ankachita kafukufuku ku Cambridge, zinadziwika kuti pulotoni ikagunda phata la boroni 11, phatalo limasweka n'kutulutsa tizidutswa titatu totchedwa alefa. Kachidutswa ka alefa n'kolemera kanayi kuposa pulotoni. Sikayenda mtunda wautali m'thupi, kamangodutsa maselo awiri kapena atatu n'kuima. Koma m'kanjira kakafupiko kamawononga koopsa. Ngati ekisire ili ngati munthu wodula nkhosi imodzi apa ndi ina apo, alefa ili ngati khoswe amene wadya mphasa pamalo amodzi mpaka kusiya chibowo chosasokeka. Selo limalephera kukonza DNA yowonongeka motero.

Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti kuswekaku kumachitika mosavuta pamene pulotoni yachepa liwiro, itatsala pang'ono kuima. Monga taona kale, malo amene pulotoni imaima ndi pa chotupa penipeni. M'chaka cha 2014, asayansi atatu a ku South Korea, Do-Kun Yoon, Joo-Young Jung ndi Tae Suk Suh, analumikiza mfundo zimenezi. Iwo anati wodwala atapatsidwa mankhwala okhala ndi boroni amene amakonda kusonkhana m'maselo a khansa, kenako n'kuwombedwa ndi mapulotoni, tizidutswa ta alefa tingabadwire m'kati mwa chotupa momwemo. M'njira yolowera, mmene mapulotoni akuthamangabe, kuswekaku kungakhale kochepa, ndiye kuti maselo abwino angapulumuke. Ganizoli linali lochokera pa masamu a pakompyuta, osati pa odwala.

Umboni ndi Mtsutso

Kuyesa koyamba kunachitika ku Italy. M'chaka cha 2018, gulu lotsogozedwa ndi Pablo Cirrone linalengeza zotsatira za kafukufuku amene linachita ku Catania, pa chilumba cha Sicily. Iwo anatenga maselo a khansa ya prostate oweteredwa m'timbale ta mulabotale, ena n'kuwathira mankhwala a boroni otchedwa BSH, ena osawathira, ndipo onse anawawomba ndi mapulotoni. Anapeza kuti maselo othiridwa boroni anafa ochuluka. Kuti aphe maselo 90 pa 100 alionse, panafunika cheza chochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Anaonanso kuti DNA ya maselo ena amene anawayesa inawonongeka mwa mtundu umene umayembekezeka pamene alefa yadutsa. M'chaka cha 2021 ofufuza ogwirizana ndi gululi anabwereza kuyesaku ku Pavia ndipo anapezanso kuti boroni anawonjezera mphamvu.

Nkhaniyi inasangalatsa anthu ambiri, koma akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'chaka cha 2019, asayansi ena a ku Italy komweko, motsogozedwa ndi Annamaria Mazzone, anawerengera kuchuluka kwa tizidutswa ta alefa timene tingabadwe m'kuyesa kotere. Anapeza kuti n'tochepa kwambiri, moti mphamvu imene timawonjezera siingafotokoze imfa ya maselo ochuluka chotero.

Kuti timvetse mtsutsowu, tiganizire zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuchepa kwa phata la atomu. Atomu itakula ngati bwalo la Kamuzu Stadium, phata lake lingakhale ngati njere ya mapira pakati pa bwalolo. Pulotoni iyenera kugunda njere imeneyo kuti kusweka kuchitike. Chachiwiri ndi kuchepa kwa boroni amene angalowe m'maselo popanda kuvulaza. Ku Catania anagwiritsa ntchito magawo 80 pa miliyoni, zimene zikufanana ndi magalamu 4 m'thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ndiye kuti mapulotoni ochuluka zedi amaima osakumana ndi phata la boroni ngakhale limodzi. Masamu akuti mphamvu yowonjezerayo ndi yosaoneka n'komwe, pamene timbale ta ku Catania tikuti maselo anafa ochuluka. Zonse ziwiri sizingakhale zoona pokhapokha patakhala chinthu china chimene chikuchitika.

Asayansi apereka maganizo angapo. Ena akuti mapulotoni akamadutsa m'zinthu amatulutsa manyutuloni, ndipo mwina manyutuloniwo ndi amene akugundana ndi boroni 10 wopezeka m'mankhwala aja. Ena akuti selo limodzi likavulazidwa ndi alefa limatulutsa zinthu zimene zimavulaza maselo oyandikana nalo, motero kuwonongeka kumafalikira. Enanso akuti mankhwalawo paokha amafowoketsa maselo, popanda kusweka kwa phata kulikonse. Kuwonjezera apo, magulu ena amene anabwereza kuyesaku, monga la ku Houston m'chaka cha 2022, sanapeze umboni wakuti kugundana kwa pulotoni ndi boroni kumawonjezera mphamvu yopha maselo. Pa sayansi, chinthu chimene ena akuchipeza pamene ena sakuchipeza sichinakhazikike. Kafukufuku wachitika pa maselo a m'timbale ndi pa mbewa za mulabotale, ndipo palibe dziko limene lavomereza njirayi ngati chithandizo cha odwala.

Njira Ina Yofanana Nayo Dzina

Pali njira ina yakale imene imasokonezedwa ndi imeneyi, ndipo ndikukhulupirira kuti malume anamva ziwirizi n'kuziphatikiza. Njirayi imagwiritsa ntchito boroni 10 ndi manyutuloni, osati boroni 11 ndi mapulotoni. Phata la boroni 10 limameza nyutuloni yoyenda pang'onopang'ono mosavuta kwambiri, kuposa kutalitali mmene boroni 11 amagundanira ndi pulotoni. Likameza limasweka pawiri, n'kutulutsa alefa ndi phata la lifiyamu, ndipo zonsezi zimathera m'kati mwa selo limodzi kapena pafupi nalo. Apa masamu ndi zooneka zimagwirizana.

Gordon Locher ndi amene anapereka ganizoli m'chaka cha 1936, patangopita zaka zinayi James Chadwick atatulukira nyutuloni. Dokotala William Sweet anayamba kuliyesa pa odwala khansa ya mu ubongo ku America m'chaka cha 1951, koma zotsatira sizinali zabwino chifukwa boroni ankatsalira m'magazi m'malo molowa m'chotupa. Hiroshi Hatanaka anapitiriza ntchitoyi ku Japan kuyambira 1968 pogwiritsa ntchito BSH. Mpaka m'chaka cha 2020 m'pamene boma la Japan linavomereza njirayi, ndipo linaivomereza pa khansa ya kumutu ndi m'khosi imene singachotsedwe pa opaleshoni kapena imene yabwereranso. Kuchokera pa ganizo la Locher kufika pa chilolezocho panadutsa zaka 84. Ganizo la boroni ndi mapulotoni langotha zaka khumi ndi pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsanso kuti chovuta chachikulu si boroni weniweniyo, koma chotengera chake. Mankhwala monga BSH ndi BPA anapangidwa mwaluso kuti anyamule boroni n'kukamutula m'maselo a khansa, ndipo amaperekedwa kudzera m'mitsempha, madokotala akuyeza magazi. Boroni payekha sachiza khansa. Ufa wa borax umene umagulitsidwa m'masitolo ena si mankhwala, ndipo munthu akaumwa angawononge impso zake. Izi n'zofunika kuzinena poyera, chifukwa m'misika ndi m'maminibasi a m'tauni muno simusowa anthu ogulitsa mabotolo amene amati amachiza chilichonse, ndipo dzina la sayansi likamveka pa wailesi iwo sachedwa kulimata pa botolo.

Zimene Zilipo Kwathu

Pamene asayansi akutsutsana ku Ulaya, zinthu zasintha kuno kwathu. M'chaka cha 2024 ku Nyambadwe kunatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre, chipatala chomwe si cha boma, chimene chinabweretsa makina owombera khansa ndi cheza mumzinda uno. M'mwezi wa July 2025, a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, anatsegula National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya atomu pa dziko lonse, linathandizapo kudzera mu ndondomeko yake ya Rays of Hope imene inayamba m'chaka cha 2022, ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko oyamba kulowamo. Makina a mapulotoni m'dziko muno mulibe, koma cheza chimene chachiritsa anthu mamiliyoni pa dziko lapansi tsopano chikupezeka popanda pasipoti.

Pa khansa ya khomo la chiberekero imene yakula, chithandizo chovomerezeka pa dziko lonse, ngakhale ku mayiko amene ali ndi mapulotoni, ndi ichi: cheza chochokera kunja kwa thupi masiku asanu pa sabata kwa masabata pafupifupi asanu, mankhwala a m'dilipi otchedwa cisplatin kamodzi pa sabata, ndiponso cheza choperekedwa ndi kachipangizo koikidwa m'kati pafupi ndi chotupa. Madokotala amayesetsa kuti zonsezi zithe m'masabata asanu ndi atatu, chifukwa kuchedwa kumapatsa khansa mpata wophukanso. Mayi wa ku Tokyo kapena ku London wodwala ngati mayi anga aang'ono amalandira chithandizo chomwechi. Choncho kugulitsa puloti kukanatitayitsa malo ndi nthawi, pofunafuna chinthu chimene palibe chipatala chikanatigulitsa.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti khansa imeneyi ndi yopeweka. Imayamba ndi kachirombo ka HPV, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka zisanu ndi zinayi m'dziko lonse lino m'chaka cha 2019, atayesedwa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013. Kuyezetsa khomo la chiberekero kumachitika m'zipatala zazing'ono za m'matauni athu, ndipo zizindikiro zoyamba zikapezeka msanga zimachotsedwa zisanasanduke khansa. Kuchokera ku Naperi kupita ku chipatala cha Gulupu ndi ulendo woti munthu angayende wapansi. Kwa dziko losauka ngati lathu, katemera ndi kuyezetsa zingapulumutse amayi ochuluka kuposa makina alionse odula.

Vuto la Mawu

Monga wophunzira za zilankhulo, chimene chinandikhudza kwambiri m'nkhani yonseyi ndi mphamvu ya liwu limodzi. M'Chichewa timawotcha chimanga, mbatata, njerwa ndi zinyalala. Chinthu chowotchedwa chimapsa, chimanyeka kapena chimasanduka phulusa. Mayi amene wauzidwa kuti akamuwotcha amaona moto m'maganizo mwake, ndipo n'zosadabwitsa kuti ena amathawira kwa asing'anga kapena kumapiri kukapemphera mpaka nthenda itafika posachizika. Zoona zake n'zakuti pa makinawo palibe moto. Wodwala amagona kwa mphindi zochepa, samva kutentha kapena kupweteka pa nthawi yowombedwayo, ndipo akadzuka angathe kunyamula mwana popanda kumupatsira cheza. Zovuta zimene zimabwera pambuyo pake, monga kutopa, kutsekula m'mimba ndi kuda kapena kunyuka kwa khungu pamalo owombedwa, madokotala amazidziwa ndipo amazithandiza.

Mawu achilendo nawonso ali ndi mphamvu yawo. "Pulotoni" ndi "boroni" amamveka aukhondo ndi amakono chifukwa sitiwadziwa, pamene "kuwotcha" kumamveka koopsa chifukwa timakudziwa bwino. Komatu mapulotoni nawo ndi cheza, ndipo amapha maselo podula DNA monga momwe ekisire imachitira. Malume sankasiyanitsa njira ziwiri za chithandizo ayi, ankasiyanitsa mawu awiri. Ine ndikuona kuti kunena kuti "kuchiza ndi cheza" kapena "kuwalitsa chotupa" kungachepetse mantha. Ntchito yopeza mawu oyenera ndi ya ife ophunzira zilankhulo mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makina a ku Lilongwe ndi ku Nyambadwe sangathandize munthu amene liwu lamuthamangitsa asanafike pakhomo.

Mawu Omaliza

M'nkhani ino taona kuti mapulotoni amaposa ekisire pa kulunjika, osati kwenikweni pa ukali. Taonanso kuti ganizo lowonjezera boroni n'lomveka, chifukwa likufuna kubadwitsa tizidutswa taukali m'kati mwa chotupa, koma umboni wake ukutsutsana ndipo silinafike pokhala chithandizo. Njira ya boroni ndi manyutuloni ndi imene yavomerezedwa, ku Japan, pa mitundu yochepa ya khansa. Kafukufukuyu ndi woyenera kumutsatira, ndipo ndi bwino kuti achinyamata a ku Malawi ophunzira sayansi adzatengepo mbali. Koma wodwala wa lero ayenera kulandira chithandizo cha lero.

Sabata itatha tinakumananso pakhonde lomwe lija. Ndinafotokoza za ndowa yobooka, za wilibala ndi za njere ya mapira m'bwalo la mpira. Malume anafunsa mafunso ambiri, ndipo pomaliza anati, "Mphwanga, ndiye kuti zimene ndinamvazo n'za mbewa?" Ndinayankha kuti, "Inde malume, pakadali pano n'za mbewa ndi timbale." Agogo ndi amene anatseka nkhani ponena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mayi aang'ono anangofunsa chinthu chimodzi, ngati pa makinapo pali moto. Nditawauza kuti palibe, anati akapita. Lolemba lotsatira tinawaperekeza kukakwera basi ya ku Lilongwe pa Wenela, atanyamula chikwama, zitenje ziwiri ndi kalata ya dokotala. Puloti ya ku Machinjiri ikadalipo, ndipo chaka chino malume adzalamo chimanga.